Kalipa yofiira ndi mitsetse ya ku Mvera: kodi chimaimitsa galimoto n'chiyani?

Amene munayendapo pa msewu wa M14 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Salima, kudutsa pa Chezi ndi pa Mvera, mwina munamvapo kafungo kena kake minibasi ikamatsiriza kutsika mapiri aja. Kafungo konga ka labala wopserera, kosakanikirana ndi chitsulo chotentha. Anthu amayang'anana, mayi wina n'kufunsa kuti, "Adalaivala, chikupsa n'chiyani?" Yankho limakhala lodziwikiratu: "Ndi mabuleki chabe, mayi, musadandaule." Kuti ndi mabuleki, akunena zoona. Koma zakuti musadandaulezo, physics ili ndi maganizo ena.

Tsopano tiyerekeze kuti achimwene anu agula Probox yomwe akunyamulira anthu ndi matumba a soya pakati pa Mponela ndi Ntchisi. Kafungo kaja akamva kangapo ndipo kawaopsa. Pa Facebook aona chithunzi cha kalipa yofiira psuu, yonyezimira, ya mapisitoni anayi, ngati za galimoto zampikisano. Wogulitsa akuti mukaika imeneyi galimoto iziima pomwepo. Achimwene akufuna kutulutsa ndalama yomwe anasunga nyengo yonse, ndiye akufunsa inu amene muli ku sekondale kuti, "Iwe wa physics, tandiuza, ndigule?"

Muwayankha bwanji? Tiyeni tiwerengere limodzi. Zonse zomwe zikufunika pano zili kale mu silabasi yanu: pressure, friction, moments ndi energy.

Zomwe zimachitika mukaponda pedulo

Yambani ndi njinga yakapalasa. Mukakoka buleki, timalabala tiwiri timapana limu ya gudumu mbali zonse ziwiri. Kachitsulo kokhota kamene kamagwira timalabalato ndiye kalipa. Pa galimoto mfundo yake ndi yomweyi, kungoti m'malo mopana limu, kalipa imapana chimbale chachitsulo chomwe chimazungulira limodzi ndi gudumu. Chimbalecho amakaniko amati disiki, ndipo m'malo mwa timalabala muli mapadi awiri. Galimoto zambiri zomwe timaziona kuno, monga Probox ndi minibasi za Hiace, zili ndi madisiki kutsogolo, pomwe kumbuyo zili ndi mabuleki amtundu wina otchedwa dilamu, omwe amakankha chitsulo chozungulira kuchokera mkati.

Pa njinga mphamvu ya dzanja lanu imayenda mu waya. Pa galimoto imayenda m'mafuta a mabuleki omwe adzadza m'timapaipi kuchokera pa pedulo mpaka ku magudumu onse anayi. Apa ndi pamene akulowera Blaise Pascal, katswiri wa ku France amene anakhala kuyambira 1623 mpaka 1662. Lamulo lake limati mukapanikiza madzi kapena mafuta otsekeredwa, pressure imeneyo imafika yofanana paliponse m'mafutamo. Chomwe chimatheketsa zimenezi n'chakuti mafuta safinyika. Mpweya umafinyika. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwererako.

Taonani chitsanzo. Phazi laponda ndi mphamvu ya 200 N. Pedulo ndi lever, ndiye tinene kuti yachulukitsa mphamvuyo kanayi, yafika 800 N. Mphamvuyi ikukankha pisitoni yaing'ono ya mu master cylinder, yomwe nkhope yake ndi 4 cm². Pressure ndi force kugawa ndi area: 800 ÷ 4 = 200 N pa cm² iliyonse. Ku gudumu, pisitoni ya mu kalipa ndi yaikulu, tinene 20 cm². Mphamvu yomwe ikukankha padi ndi 200 × 20 = 4,000 N. Phazi la 200 N labala 4,000 N, kofanana ndi kulemera kwa matumba asanu ndi atatu a chimanga a makilogalamu 50, onse atasanjikizana pa padi imodzi. Ndipo apa sitinawerengere booster, chigubu chakuda chozungulira chomwe chili kuseri kwa pedulo, chimene chimaonjezeranso mphamvu injini ikamalira.

Mapisitoni anayi si mphamvu kanayi

Makalipa alipo mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi omwe galimoto zambiri zimabwera nawo kuchokera kufakitale: pisitoni imodzi mbali yamkati, ndipo thupi lonse la kalipa limaseseleka pa timapini tiwiri. Pisitoni ikakankha padi yamkati, mafuta omwewo amakankhanso thupi la kalipa cham'mbuyo, thupilo n'kukokera padi yakunja pa disiki. Ndi lamulo lachitatu la Newton likugwira ntchito pamaso panu. Pisitoni ndi imodzi, koma mapadi onse awiri akupana ndi 4,000 N iliyonse.

Mtundu wachiwiri ndi womwe achimwene auona pa Facebook. Thupi lake limamangidwa osasuntha, ndipo mapisitoni amakhala mbali zonse ziwiri: awiri uku awiri uko, kapena atatu atatu. Funso ndi lakuti, kodi anayi aja akupana kuposa imodzi ija?

Werengani. Kuti mapisitoni awiri akwane mbali imodzi, amayenera kukhala aang'ono. Tinene iliyonse ndi 10 cm². Padi imodzi ikukankhidwa ndi mapisitoni awiri a mbali yake basi: 10 + 10 = 20 cm². Pressure ndi yomwe ija ya 200. Mphamvu ndi 200 × 20 = 4,000 N. Ndendende ndi ya kalipa yakale ija! Mapisitoni a mbali inayo sakuonjezera pa 4,000 imeneyi. Akugwira ntchito yomwe timapini toseseleka tinkagwira, yokankha padi yachiwiri. Choncho pofanizira makalipa awiri musamawerenge chiwerengero cha mapisitoni. Muziphatikiza area ya mapisitoni a mbali imodzi.

Wina anena kuti, chabwino, ndiye tigule ya mapisitoni aakulu, 30 cm² mbali imodzi, tipeze 6,000 N. Zoona, mphamvu yopana ikwera. Koma palibe chaulere. Pisitoni yaikulu imafuna mafuta ambiri kuti isunthe mtunda womwewo, pomwe master cylinder ikadali yaing'ono yomwe ija. Zotsatira zake pedulo imatsika kwambiri isanayambe kugwira, ndipo imamveka yofewa. Ndi zomwe munaphunzira pa machines zija: mukapindula pa mphamvu mumalipira pa mtunda.

Mwini mawu omaliza ndi tayala

Tsopano funso lenileni: tingopana disiki mwamphamvu, galimoto iima msanga?

Ganizirani njinga pa msewu wafumbi. Mukakoka buleki yakumbuyo mwamphamvu, gudumu limasiya kuzungulira n'kuyamba kukhwekhwereza. Mukaonjezera kukoka, chimasintha n'chiyani? Palibe. Gudumu laima kale. Chomwe chikukuchepetsani liwiro tsopano ndi kukhulana kwa tayala ndi nthaka. Buleki imaimitsa gudumu, koma chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala, ndipo malo amene tayala lililonse limakhudza pansi sasiyana kwenikweni ndi kukula kwa chikhatho cha munthu wamkulu. Moyo wa anthu onse ali m'galimotomo wakhala pa zikhatho zinayi zimenezi.

Kagwiridwe ka tayala ndi msewu timakayeza ndi nambala yotchedwa coefficient of friction, chizindikiro chake μ. Pa phula louma ndi tayala labwino, mabuku ambiri amagwiritsa ntchito 0.7 kapena kuposerapo pang'ono. Pa msewu wa miyala ndi fumbi tingatenge 0.4. Pa matope oterera a mu Januwale imatsika kuposa apa. Mphamvu yaikulu imene msewu ungapereke ndi μmg, ndipo poti F = ma, kuchepa kwa liwiro sikungapose μg.

Titenge liwiro la makilomita 72 pa ola, lomwe ndi mamita 20 pa sekondi, ndipo g ikhale 10. Mtunda woimira ndi v² kugawa ndi 2a. Pa phula louma a ndi 7, ndiye 400 ÷ 14 ikutipatsa pafupifupi mamita 29. Pa msewu wafumbi a ndi 4, ndiye 400 ÷ 8 ndi mamita 50. Ngati msewu wafumbiwo uli pa mtsetse wotsika mita imodzi pa mamita 10 alionse, dziko likukukokerani kutsogolo ndi pafupifupi 1 m/s², a yatsala 3, ndipo mtunda wafika mamita 67. Onjezaninso mamita 20 omwe galimoto imayenda pa sekondi imodzi yomwe dalaivala amatha poona mbuzi, kuganiza, n'kusamutsa phazi.

Mwaona chinthu chimodzi? M'masamu onsewa mulibe kalipa. Ngati mabuleki omwe galimoto inabwera nawo ali bwino moti atha kugwira gudumu mpaka kuyamba kukhwekhwereza, kapena mpaka ABS kuyamba kunjenjemeretsa pedulo, ndiye kuti mphamvu ali nayo kale yokwanira. Kalipa yofiira pa tayala lotha mapanga ili ngati munthu wamphamvu amene wavala masilipasi pa thanthwe landere.

Onaninso kuti liwiro lili ndi square. Kuchoka pa 72 kubwera pa 36 sikudula mtunda pakati ayi, kumausiya gawo limodzi mwa magawo anayi: mamita 50 aja atsala 12.5. Palibe sipeya ya mu shopu iliyonse yomwe ingakuchitireni zimenezi.

Vuto la phiri ndi moto

Ndiye kafungo ka ku Mvera kaja kakuchokera kuti, ngati mabuleki ali ndi mphamvu zokwanira? Apa nkhani yasintha. Kuima kamodzi ndi nkhani ya tayala. Kutsika phiri ndi nkhani ya kutentha.

Energy siitha, imangosintha maonekedwe. Makolo athu ankapekesa moto ndi timitengo tiwiri. Mabuleki nawo amapekesa. Ntchito yawo yonse ndi kusandutsa kuyenda kukhala kutentha. Tiwerengere kuchuluka kwake.

Probox yodzadza anthu ndi katundu, tinene makilogalamu 1,500, pa mamita 20 pa sekondi ili ndi kinetic energy ya ½ × 1,500 × 400 = 300,000 J. Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 25 kufika 100 pamafunika 4,200 × 75 = 315,000 J. Ndiye kuima kamodzi n'chimodzimodzi kuwiritsa lita imodzi ya madzi a tiyi. Mabuleki alionse abwino amachita zimenezi osadandaula.

Tsopano iikeni galimoto yomweyo pamwamba pa phiri. Madera ambiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Salima ndi Nkhotakota zili cha m'ma 500. Pakatipa pali phompho la chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo misewu yopita kunyanja imayenera kutsika mtunda wonsewo. Titenge chigawo chabe, kutsika mamita 300. Potential energy ndi mgh: 1,500 × 10 × 300 = 4,500,000 J. Kumeneku ndi kuima kuja maulendo 15 motsatizana, kapena kuwiritsa malita 14 a madzi. Ngati dalaivala watsika pa mphindi zisanu, power yake ndi 4,500,000 ÷ 300 = 15,000 W, ngati maketulo amagetsi asanu ndi awiri a 2,000 W oyaka nthawi imodzi m'magudumu.

Kutentha konseku kukulowa kuti? Galimoto ikamagwira mabuleki imaweramira kutsogolo, monga momwe nanunso mumagundira mpando wakutsogolo. Kulemera kumasamukira pa magudumu akutsogolo, ndipo amenewa ndiwo amagwira ntchito yambiri, tinene magawo 70 pa 100. Amenewo ndi 3,150,000 J kulowa m'madisiki awiri, tinene olemera makilogalamu 6 iliyonse. Specific heat capacity ya chitsulo cha madisiki ndi pafupifupi 460 J pa kilogalamu pa digiri. Kukwera kwa kutentha ndi 3,150,000 ÷ (12 × 460), komwe ndi madigiri pafupifupi 570. Kunena mwachilungamo, mphepo imachotsako kwina, ndipo energy ina imathera pokankha mpweya ndi pogudubuza matayala, choncho nambala yeniyeni imakhala yotsikirapo. Komabe mukuona dera lomwe tili. Chitsulo chikafika cha m'ma 500 ndi 600 chimayamba kuoneka chofiirira mumdima.

Tsopano onjezani matumba ena asanu ndi anthu awiri opanikizana kumbuyo. Mu mgh, m akakwera kutentha kumakwera naye limodzi, koma madisiki akadali makilogalamu 12 omwe aja.

"Anaduka mabuleki"

Mawu amenewa timawamva pa wailesi ngozi ikachitika pa mtsetse. Nthawi zina paipi imaphulikadi. Koma nthawi zambiri palibe chomwe chaduka. Kutentha kumapha mabuleki m'njira ziwiri, ndipo phazi limatha kusiyanitsa.

Njira yoyamba ndi ya mapadi. Padi imapangidwa ndi ufa wa zinthu zosiyanasiyana womatidwa ndi zomatira zonga ulimbo. Ikatentha kupyola malire ake zomatirazo zimayamba kupsa n'kutulutsa utsi, ndipo μ ya pakati pa padi ndi disiki imatsika. Kafungo kaja ndi kameneka. Pedulo imakhalabe yolimba, dalaivala akuponda ndi mphamvu zake zonse, koma galimoto ikungopita.

Njira yachiwiri ndi ya mafuta. Kutentha kumadutsa m'padi, kulowa mu pisitoni, mpaka kufika ku mafuta. Pa botolo la mafuta a mabuleki pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Mlingo wake umati DOT 3 yatsopano isawire isanafike madigiri 205, DOT 4 isanafike 230. Koma mafutawa ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, monga umachitira mchere m'nyengo ya mvula. Akayamwa madzi pafupifupi magawo anayi pa 100, malire aja amatsika kufika 140 pa DOT 3 ndi 155 pa DOT 4. Akawira, m'paipi mumabadwa thovu la nthunzi. Mukukumbuka mfundo ija? Mafuta safinyika, mpweya umafinyika. Dalaivala akaponda, pedulo imapita mpaka pansi, ikungofinya thovu, ku magudumu sikufika kanthu. Choopsa china n'chakuti galimoto ikazizira thovu limasanduka madzi, pedulo imabwerera, ndipo mwini wake amaganiza kuti vuto latha lokha.

Ndiye kalipa yodula imathandiza chiyani?

Tisainamizire, kalipa yeniyeni ya mpikisano ndi chipangizo chabwino. Thupi lake n'lolimba, silitambasuka pressure ikakwera, choncho pedulo imamveka bwino kuphazi. Mapisitoni angapo amakankha padi yaitali mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Koma phindu lalikulu limabwera chifukwa kawirikawiri imagulitsidwa limodzi ndi disiki yaikulu ndi mapadi opirira moto. Disiki yaikulu ili ndi chitsulo chambiri chomwera kutentha ndi malo ambiri okhudzana ndi mphepo. Imakhalanso ngati sipanala yaitali: padi ikasuntha kuchoka pa masentimita 10 kuchokera pakati kupita pa 12, moment imakwera ndi magawo 20 pa 100.

Mbiri ikuvomereza. Frederick Lanchester wa ku England analembetsa luso la mabuleki a disiki mu 1902, koma anthu anadzawatengera mtima mu 1953, pamene Jaguar C-Type yokhala ndi madisiki a Dunlop inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Madalaivala ake ankatha kugwira mabuleki mwamphamvu kuchokera pa liwiro lalikulu, kubwerezabwereza usana ndi usiku, mabulekiwo osafooka ngati madilamu a anzawo. Citroën DS inabweretsa madisiki pa galimoto za anthu wamba mu 1955. Kampani ya Brembo, yomwe dzina lake mumaliona pa makalipa ofiira, inayamba mu 1961 pafupi ndi Bergamo ku Italy. Mdani amene onsewa akhala akulimbana naye ndi kutentha.

Zomwe zingalakwike

Vuto loyamba ndi kugawana ntchito. Akatswiri a kufakitale anawerengera kuti kutsogolo kugwire mochuluka bwanji ndi kumbuyo mochuluka bwanji. Mukakuza mphamvu yakutsogolo kokha, magudumu akutsogolo amafika pokhwekhwereza akumbuyo asanagwire gawo lawo. Mukugwiritsa ntchito zikhatho ziwiri m'malo mwa zinayi, ndipo mtunda woimira utha kutalika m'malo mofupika. Gudumu lakutsogolo likamakhwekhwereza silimveranso chiongolero, galimoto imangopita molunjika pomwe msewu wakhota. Mukakuza kumbuyo ndiye zoopsa kwambiri, galimoto imazungulira.

Lachiwiri ndi kumangirira. Kalipa yomwe sinapangidwire galimoto yanu imafuna chitsulo cholumikizira. Chikakhala chodulidwa ndi kuwotcherera mongoganizira, dziwani kuti mphamvu zonse tawerengera zija zikudutsa pa mabawuti awiri a chitsulo chimenecho. Komanso kalipa yaikulu nthawi zambiri sikwana m'malimu aang'ono, ndiye ndalama ina ya malimu ndi matayala.

Lachitatu ndi fumbi lathu. Makalipa ena ampikisano alibe malabala akunja oteteza mapisitoni ku fumbi, chifukwa amamasulidwa n'kutsukidwa pafupipafupi. Aikeni pa misewu ya kwa Nthondo kapena kwa Kasakula, fumbi m'chilimwe, matope m'dzinja, muone ngati pisitoni siyamba kukakamira. Mapadi ampikisano nawo ena sagwira bwino akadali ozizira, pomwe ngozi zambiri zam'tauni zimabwera mabuleki ali ozizira.

Lachinayi ndi chinyengo. Mayina otchuka amabedwa, ndipo makalipa achinyengo alipo pa msika wa dziko lonse. Palinso tizivindikiro tofiira tongomata pamwamba pa kalipa yakale kuti izioneka ngati ya mpikisano. Timeneti sitipana chilichonse, titha kungotchinga mphepo yoziziritsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Yankho kwa achimwene

Auzeni kuti chida champhamvu kwambiri chotsikira phiri anachigula kale limodzi ndi galimoto: giya. Mukachotsa phazi pa moto galimoto ili pa giya, magudumu ndiwo amazunguza injini, ndipo injini imakaniza chifukwa ikuvutika kupopa mpweya ndi kukhulana mkati mwake. Gawo lalikulu la 4,500,000 J ija limathera m'menemo, n'kutuluka kudzera ku ekizozi ndi ku ladiyeta, zomwe zinapangidwira kutaya kutentha. Giya ikakhala yotsika, nambala 2 kapena 3, injini imazungulira kwambiri ndipo imakaniza kwambiri. Pa galimoto ya otomatiki ndi pomwe palembedwa L, 2, S kapena B. Madalaivala akale amati phiri ulitsike ndi giya yomwe ungalikwerere, ndipo giyayo uilowetse usanayambe kutsika. Mabuleki akhale ongothandiza: kuponda mwamphamvu pang'ono, liwiro likatsika n'kusiya kuti apume, osati kugoneka phazi pa pedulo mtsetse wonse.

Chizolowezi chomwe chimapha ndi chija madalaivala amati kuika pa free kuti apulumutse mafuta, makamaka mafuta akasowa kapena akakwera mtengo. Pa free injini yachoka pa ntchito, moto wonse wapita ku mapadi. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa galimoto zambiri zamakono za fuel injection kompyuta imadula mafuta mukamatsika pa giya phazi lili kumbali, pomwe pa free injini imafunabe mafuta kuti isazime. Kuzimitsiratu injini ndiye kudzitchera msampha: booster imatha mphamvu mukaponda kawiri katatu, ndipo chiongolero chimauma.

Ndalama yomwe anasunga ija ipite motere. Choyamba matayala anayi abwino, okhala ndi mapanga ndi mpweya woyenera. Chachiwiri kukhetsa mafuta onse a mabuleki n'kuika atsopano a m'botolo losatsegulidwa, a mtundu womwe walembedwa pa chivindikiro. Opanga galimoto ambiri amati zaka ziwiri zilizonse. M'kabotolo kameneka musalowe madzi, sopo kapena oilo wa injini, ngakhale atakuuzani kuti n'zongofikira kunyumba: madzi amawira pa 100, ndipo oilo amatupitsa malabala amkati. Chachitatu mapadi abwino ndi kuyeza ngati madisiki sanapyapyale kupyola nambala yomwe inadindidwa m'mbali mwake. Chachinayi kutsuka ndi kupaka girisi woyenera pa timapini ta kalipa, chifukwa tikakakamira ndi fumbi padi imodzi ndiyo imagwira yokha. Chachisanu kukonza mabuleki akumbuyo kuti nawo azinyamula gawo lawo. Satifiketi ya COF ya a Road Traffic imanena za tsiku lomwe galimoto inayesedwa. Za miyezi yotsatirayo mwini galimoto ndiye amadziwa.

Akachita zonsezi, osapyoza katundu, n'kumatsika pa giya, kafungo kaja sadzakamvanso kawirikawiri. Akadzakamva, aime pamalo abwino, adikire kuti kuzizire kokha. Asathire madzi pa disiki yotentha, itha kupindika kapena kung'aluka.

Ndipo inu monga wokwera, mukamva injini yangoti zii pamwamba pa mtsetse, liwiro likukwera, musachite manyazi. Kunena mwaulemu kuti, "Adalaivala, chonde tailowetsani giya," si chipongwe. Masamu ake mwawaona nokha.

Yesani nokha

Pezani masirinji awiri atsopano opanda singano, yaing'ono ndi yaikulu, ndi kapaipi kapulasitiki kowalumikiza. Dzadzani madzi osasiya thovu. Kankhani yaing'ono mnzanu atagwira yaikulu ndi chala: akulimbana ndi mphamvu yoposa yanu, koma yake ikusuntha pang'ono. Kenako lowetsani mpweya m'kapaipimo mubwereze. Kufewa komwe mukumvako n'komwe dalaivala amamva mafuta akawira.

Mafunso

1. Minibasi ya makilogalamu 3,000 yatsika mamita 200 pa liwiro losasintha ili pa free. Pezani energy yomwe yatayika, potenga g kukhala 10.

2. Pa msewu wa μ = 0.5, pezani mtunda woimira pa mamita 10 pa sekondi ndiponso pa mamita 20 pa sekondi.

3. Kalipa A ili ndi pisitoni imodzi ya 24 cm². Kalipa B ili ndi mapisitoni asanu ndi imodzi, atatu mbali iliyonse, iliyonse 8 cm². Pressure ndi 300 N pa cm². Ndi iti ikupana kwambiri?

4. Dalaivala wina akuti pedulo inali yolimba koma galimoto sinkaima. Wina akuti yake inapita mpaka pansi. Fotokozani chomwe chinachitika kwa aliyense.

Mayankho: loyamba ndi 6,000,000 J. Lachiwiri ndi mamita 10 ndi mamita 40. Lachitatu n'zofanana, 7,200 N pa padi iliyonse. Lachinayi kambiranani ndi anzanu pa gulu. Amene wagwira mfundo ya thovu ija sangavutike nalo.